Kuchotsa timatumba ta mazira pambuyo pa khansa ya m'mawere: kumathandiza ndani, ndipo kumabweretsa zotani

Mayi akamaliza opaleshoni ya bere ndi mankhwala a m'diripi aja amati quimioterapia, n'kupatsidwa mapiritsi a tamoxifeno oti azimwa tsiku ndi tsiku, nthawi zina adokotala amatchula chinthu china: kuchotsa timatumba tiwiri ta mazira. Papepala la chipatala cha kuno ku Moçambique amalemba kuti ooforectomia bilateral, kapena salpingo-ooforectomia ngati achotsa ndi machubu omwe. Timatumbato timakhala tilibe matenda. Amatichotsa pofuna kuti khansa isabwerere, ndipo akachotsa achotseratu. Kwa amayi ena opaleshoni imeneyi imawonjezera zaka za moyo, kwa ena ilibe phindu lililonse koma kuvulaza mafupa ndi mtima. Kusiyana kwake kumadalira mtundu wa khansayo, zaka za mayiyo, ndiponso, kwa anthu a boma la Chifunde, kutalika kwa msewu.

Timatumba ta mazira ndi bere zikukhudzana bwanji

Timatumba ta mazira, amene pa Chipwitikizi amati ovários ndipo azaumoyo a ku Malawi amakonda kuti mabasiketi a mazira, tili tiwiri, kamodzi mbali iliyonse ya chiberekero. Kalikonse n'kakang'ono, sikaposa dzira la nkhunda. Timatulutsa dzira mwezi ndi mwezi, komanso timapanga homoni yotchedwa estrojeni, imene imayenda m'magazi n'kumayendetsa msambo, kukulitsa mawere, kulimbitsa mafupa ndi kusamala mitsempha ya magazi.

Khansa zambiri za m'mawere zimakula ndi estrojeni yomweyo. Mlimi amadziwa kuti feteleza amene amakulitsa chimanga amakulitsanso udzu umene khasu lidauphonya. Opaleshoni ya bere imachotsa chotupa chooneka, koma tizidutswa ta khansa tosaoneka ndi maso tingatsale m'mafupa, m'chiwindi kapena m'mapapo, n'kukhala chete zaka zisanu, khumi, ngakhale 20. Mankhwala onse a mahomoni cholinga chake ndi chimodzi, kumana tizidutswato chakudya.

Sikuti khansa iliyonse ya m'mawere ndi yotero. Kanyama kamene amadula pachotupa kamatumizidwa ku labotale ya chipatala chachikulu, ndipo zotsatira zake zimabwera papepala. Papepala la kuno muyang'ane mawu akuti receptores de estrogénio, kapena zilembo RE, motsatana ndi positivo kapena negativo. Papepala la ku Zambia kapena ku Malawi amalemba ER positive kapena ER negative. Ngati ndi negativo, khansayo siidya estrojeni, ndipo kuchotsa timatumba pofuna kuimana chakudya n'kutaya chiwalo pachabe. Kafukufuku amene adatsatira amayi oposa 200 m'zipatala za ku Maputo, amene adawapeza ndi matendawa pakati pa 2015 ndi 2017, adaonetsa kuti mwa amayi anayi alionse mmodzi anali ndi mtundu wotchedwa triplo negativo, umene sumva mankhwala a mahomoni. Adaonetsanso kuti atatu mwa anayi adafika kuchipatala matenda atakula kale, ndipo ambiri mwa amayiwo anali osafika zaka 50. Ndiye kuti funso la timatumba likukhudza amayi ambiri kuno, chifukwa ambiri amadwala akadasamba. Koma munthu asavomere opaleshoniyi asadaone pepala la RE.

Mayi amene adasiya kale kusamba chifukwa cha ukalamba nayenso sapindula. Timatumba take tidaleka ntchito tokha, ndipo estrojeni yochepa imene yatsala m'thupi mwake imapangidwa m'mafuta a thupi. Imeneyo amailetsa ndi mapiritsi, osati ndi mpeni.

Maopaleshoni atatu amene anthu amawasokoneza

Kutseka, kumene ku chipatala amati laqueação, ndi kumanga kapena kudula machubu kuti mayi asatengenso pakati. Timatumba timatsala, msambo umapitirira, estrojeni ilipobe. Mayi wotseka sadatetezedwe ku kubwerera kwa khansa ya m'mawere. Kuchotsa chiberekero, histerectomia, kumaletsa msambo, koma ngati timatumba tidasiyidwa, estrojeni imapangidwabe ngakhale magazi a mwezi saoneka. Amayi ambiri amene adachotsedwa chiberekero chifukwa cha zotupa kapena pa nthawi yobereka sadziwa ngati timatumba tidatsala, ndipo izi ziyenera kufunsidwa. Kuchotsa timatumba tonse tiwiri ndiko kumaletsa msambo ndi estrojeni pamodzi, ngakhale chiberekero chikhalepo. Kuchotsa kamodzi kokha sikuthandiza, chifukwa kotsalako kamagwira ntchito ya tonse.

Nzeru yochokera kukhola

Opaleshoniyi ndi yakale kuposa mankhwala onse a khansa amene tikuwadziwa lero. Dokotala wa ku Glasgow, m'dziko la Scotland, George Beatson, adamva kuti alimi a maiko ena amachotsa timatumba ta ng'ombe yaikazi ikangobereka kuti ipitirize kutulutsa mkaka nthawi yaitali. Adaganiza kuti ngati timatumba timalamulira bere la ng'ombe, tingalamulirenso chotupa cha m'bere la munthu. Mu 1895 adachotsa timatumba ta mayi wa zaka 33 amene khansa yake idabwerera pachifuwa, ndipo zotupazo zidafota. Adalemba zimenezi mu 1896, estrojeni isadadziwike n'komwe. Madokotala amene adatsatira njirayi adaona kuti imathandiza pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu, osadziwa chifukwa chake ena sakuthandizidwa. Yankho lidabwera patapita zaka zoposa 60, pamene asayansi adatulukira kuti zotupa zina zili ndi malo olandirira estrojeni pomwe zina zilibe. Ndiwo RE uja wa papepala.

Njira zitatu

Mayi amene akadasamba, amene khansa yake ndi RE positivo, ali ndi njira zitatu.

Yoyamba ndi tamoxifeno yekha: piritsi limodzi la 20 mg tsiku lililonse kwa zaka zisanu, ena mpaka khumi. Tamoxifeno saletsa timatumba kupanga estrojeni, koma amakhala pamalo pamene estrojeni ikadalowera m'khansa, n'kuitsekera kunja. Ndi mankhwala akale, adayamba kugwiritsidwa ntchito ku Britain mu 1973, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS. Akamwedwa zaka zisanu osadumphitsa, mwa imfa zitatu zilizonse zimene khansayi ikadabweretsa m'zaka 15 zotsatira, imodzi imapeweka. Anthu ena amapeputsa kapiritsi aka poona kuchepa kwake ndi kutchipa kwake, koma phindu lalikulu lili pamenepa. Njira ziwiri zinazo n'zongowonjezera pamwamba.

Yachiwiri ndi kugonetsa timatumba ndi jakisoni. Odziwika ndi goserelina, amene m'bokosi amalembedwa Zoladex, komanso leuprorelina ndi triptorelina. Goserelina wa 3.6 mg amabayidwa pansi pa khungu la pamimba masiku 28 alionse. Palinso wamphamvu wa miyezi itatu. Timatumba timaleka ntchito nthawi yonse imene jakisoni akubayidwa, ndipo akasiya, mwa amayi ambiri achitsikana msambo umabwerera.

Apa pali msampha umene tiyenera kuutchula momveka. Jakisoni ameneyu si Depo wa kulera, ngakhale onse awiri amaletsa msambo. Depo ndi homoni, ndipo malangizo a OMS amaletsa Depo, mapiritsi olerera ndi implante ya pamkono kwa mayi amene ali ndi khansa ya m'mawere. Mayi asapite ku planeamento familiar kukabayitsa Depo poganiza kuti walowa m'malo mwa jakisoni amene wasowa.

Yachitatu ndiyo opaleshoni. Zotsatira zake pa khansa n'zofanana ndi za jakisoni wobayidwa pa nthawi yake, koma imachitika kamodzi ndipo sibwezeka. Kale ankawotchanso timatumba ndi makina a radioterapia, koma njira imeneyo siodalirika mofanana ndi ziwirizi, ndipo makinawo kuno adatsegulidwa mu 2019 ku Hospital Central de Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera mumzinda wa Tete.

Timatumba tikaleka ntchito, kaya ndi jakisoni kaya ndi mpeni, mayi amapitirizabe mapiritsi. Angapitirize tamoxifeno, kapena adokotala angamusinthire ku gulu lina: anastrozol, letrozol kapena exemestano. Gulu limeneli limaletsa estrojeni yopangidwa m'mafuta ija, ndipo siligwira ntchito mwa mayi amene timatumba take tikadali maso. Choncho opaleshoni sikuti imamumasula munthu ku mapiritsi. Amene akuganiza kuti akachotsa ndiye kuti wathana ndi mankhwala adziwiretu zimenezi.

Phindu lake ndi lalikulu bwanji

Kafukufuku wamkulu pa funso limeneli amatchedwa SOFT. Adatenga amayi 3,066 a m'maiko ambiri, onse osasiya kusamba, onse a khansa yodya estrojeni, n'kuwagawa m'magulu atatu. Zotsatira zoyamba zidatuluka mu 2014, zina mu 2018. Patatha zaka zisanu ndi zitatu, mwa amayi 100 alionse omwa tamoxifeno yekha, 79 anali moyo popanda khansa kubwerera. Mwa amene adaletsanso timatumba, anali 83. Mwa amene adaletsa timatumba n'kumamwa exemestano, anali 86. Pa nkhani ya kukhala ndi moyo, kusiyana kunali amayi pafupifupi awiri pa 100.

Manambalawa akuoneka ang'ono, koma abisa magulu awiri osiyana kwambiri. Amayi osafika zaka 35, amene khansa yawo imakhala yaukali, adapindula kwambiri: patatha zaka zisanu, opanda khansa anali 68 pa 100 ndi tamoxifeno yekha, 79 ndi kuletsa timatumba, 83 ndi exemestano. Koma amayi amene chotupa chawo chinali chaching'ono, chosafika m'khwapa, amene adokotala sadaone chifukwa chowapatsa quimioterapia, oposa 95 pa 100 anali bwino m'magulu onse atatu. Kwa iwowa kuletsa timatumba kudangobweretsa mavuto a thupi popanda chowonjezera chooneka.

Mwachidule, amene amapindula ndi mayi wachitsikana, amene chotupa chake chinali chachikulu kapena chidafika m'anabere a m'khwapa, amene adalandira quimioterapia koma msambo wake sudaleke kapena udabwerera. Popeza kuno ambiri amafika matenda atakula, amayi a gulu limeneli sasowa.

Kafukufuku wina amene akufanana ndi moyo wathu adachitika ku Vietnam ndi ku China, motsogozedwa ndi dokotala wa ku America, Richard Love. Kuyambira 1993 adatenga amayi 709 m'zipatala zimene mankhwala odula kunalibe. Theka adachotsedwa timatumba pa nthawi ya opaleshoni ya bere n'kupatsidwa tamoxifeno, theka adangochotsedwa bere. Patatha zaka zisanu, opanda khansa anali 75 pa 100 m'gulu loyamba ndi 58 m'gulu lachiwiri. Tisawerenge molakwa: gulu lachiwirilo poyamba silidalandire ngakhale tamoxifeno, ndiye kusiyana konseko sikungaikidwe pa opaleshoni yokha. Chimene kafukufukuyu adatsimikiza n'chakuti opaleshoni yaing'ono pamodzi ndi piritsi lotchipa zingapulumutse anthu m'dziko losauka.

Chinthu china chosokoneza ndi msambo umene umaleka chifukwa cha quimioterapia. Mwa mayi woyandikira zaka 50 kawirikawiri umalekeratu, ndipo opaleshoni singafunikenso. Mwa mayi wosafika zaka 40 umatha kubwerera patapita miyezi, ngakhale zaka ziwiri. Tamoxifeno nayenso amasokoneza msambo timatumba tikugwirabe ntchito. Kusaona magazi si umboni. Umboni ndi kuyeza magazi kuona kuchuluka kwa mahomoni awiri, FSH ndi estradiol.

Jakisoni kapena opaleshoni, munthu ali ku Mualadzi

M'mabuku a madokotala a ku Ulaya, jakisoni ndiye amayamba kutchulidwa, chifukwa amasiya khomo lotseguka. Koma tiwerenge. Masiku 28 alionse ndiye kuti maulendo 13 pachaka, 65 pa zaka zisanu. Kuchokera kumalire a Cassacatiza kufika mumzinda wa Tete pamsewu wa N9 ndi makilomita oposa 250, ndipo mayi wa kumidzi ya Mualadzi kapena Nsadzu ayenera kuyamba wafika pamsewupo, pa njinga yamoto kapena wapansi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitsinje imadzaza, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ndalama za fodya ndi chimanga zimakhala zitatha pakhomo. Goserelina amafunanso kusungidwa pamalo osapitirira madigiri 25, choncho si mankhwala oti munthu n'kugula ambiri n'kuwaika m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala.

Jakisoni wodumphitsa ndi woipa kuposa mmene anthu amaganizira. Akachedwa, timatumba timadzuka, ndipo ngati mayiyo akumwa letrozol kapena anzake aja, miyezi imeneyo amakhala ngati sakumwa kanthu. Ngakhale wobayidwa pa nthawi yake, mwa amayi ena achitsikana kwambiri kapena onenepa sagonetsa timatumba kotheratu.

Chifukwa cha zimenezi, maganizo athu ndi akuti mayi wa kumudzi amene alidi m'gulu lopindula, amene ana adamukwanira, ndipo zaka zake zapitirira 40, opaleshoni ndi njira yomveka, ndipo asaione ngati chithandizo cha anthu osauka. Koma mayi wa zaka 30 akachotsa, ndiye kuti wataya estrojeni ya zaka pafupifupi 20, poti amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka za m'ma 50. Jakisoni akadamulanda zaka zisanu zokha. Kwa iyeyu kuvutikira maulendo kuli ndi tanthauzo. Pali njira yapakati imene madokotala ambiri amailimbikitsa: kuyamba ndi jakisoni miyezi ingapo kuti mayi alawe mmene thupi lake lidzakhalire, kenako asankhe akudziwa chimene akusankha. Funso loyamba kufunsa adokotala ndi lakuti jakisoniyo adzapezeka mwezi uliwonse kapena ayi, adzabayidwira kuti, ndipo adzalipira ndani.

Khansa ya kumtundu

Pali chifukwa chachiwiri, chosiyana kotheratu, chochotsera timatumba. Mabanja ena ali ndi chilema m'chibadwa chawo, m'tizigawo timene asayansi adatitcha BRCA1 ndi BRCA2 atatipeza mu 1994 ndi 1995. Chilemachi chimayenda kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana, ndipo chimachititsa khansa ya m'mawere komanso khansa ya m'timatumba momwemo. Mwa amayi wamba, mmodzi kapena awiri pa 100 ndiwo amadwala khansa ya timatumba pa moyo wawo wonse. Mwa amene ali ndi chilema cha BRCA1 ndi pafupifupi 44 pa 100, ndipo a BRCA2 pafupifupi 17. Khansa imeneyi siizindikirika msanga, ngakhale ndi ecografia, ndiye kuchotsa timatumba ndi machubu ndiyo njira yodalirika. Imachepetsa ngoziyo ndi pafupifupi 80 pa 100. Malangizo amati a BRCA1 achotse ali ndi zaka 35 mpaka 40, a BRCA2 zaka 40 mpaka 45, atamaliza kubereka. Katswiri wa mafilimu Angelina Jolie, amene mayi ake adamwalira ndi khansa ali ndi zaka 56, adachita zimenezi mu 2015 ali ndi zaka 39, ndipo nkhaniyi idamveka dziko lonse.

Pa chifukwa chimenechi zilibe kanthu kuti khansa ya m'bere inali RE positivo kapena negativo. Koma ndi amayi ochepa, osapitirira mmodzi mwa khumi a odwala khansa ya m'mawere, amene matenda awo ndi a kumtundu motere. Kuyeza kwake kumafuna labotale yapadera ndi ndalama zambiri. Chimene banja lingachite popanda ndalama ndi kukumbukira: ndani pamtundu adadwala bere asadafike zaka 50, ndani adadwala mawere onse awiri, ndani adamwalira mimba itatupa ndi madzi, kodi alipo mwamuna amene adadwala khansa ya m'bere. Ife Achewa timawerenga mtundu kuchikazi, ndipo munthu akafunsidwa za kumtundu amatchula amayi ake, agogo ake ndi abale a amayi basi. Chilemachi sichidziwa mbumba. Chimadutsiranso mwa bambo, choncho alongo a bambo anu ndi amayi awo nawonso atchulidwe.

Zimene thupi limalipira

Kusiya kusamba kwachibadwa kumabwera pang'onopang'ono, zaka zingapo. Kwa opaleshoni kumabwera m'masiku ochepa. Thupi limatentha mwadzidzidzi kuyambira pachifuwa kukwera kumaso, thukuta limanyowetsa zofunda usiku, tulo timasowa, mtima umakwiya msanga kapena kugwa ulesi ndi chisoni, mfundo zimawawa, ena amaiwalaiwala. Mayi wina aliyense wochotsedwa timatumba ali wamng'ono amapatsidwa mapiritsi a estrojeni kuti achepetse zimenezi. Mayi wa khansa yodya estrojeni sapatsidwa, chifukwa kungakhale kubwezera chimene tachotsa. Alipo mankhwala ena osakhala a mahomoni ochepetsa kutentha thupi, koma atchulidwe ndi adokotala, poti ena mwa iwo amafooketsa tamoxifeno.

Za m'nyumba nazo zimasintha, ndipo ndi zimene amayi amachita manyazi kufunsa. Njira ya amayi imauma, kukhala malo amodzi ndi bambo kumawawa, chilakolako chimachepa. Sikuti mayiyo wasanduka mwamuna, kapena wasiya kukonda mwamuna wake. Mafuta oterera a madzi amene amaperekedwa pamodzi ndi makondomu amathandiza, ndipo mankhwala azitsamba oumitsa njira aja asiyidwe, chifukwa amang'amba khungu limene lapyapyala kale. M'midzi ina amati mayi wosiya kusamba akapitiriza kugona ndi mwamuna mimba imatupa. Zimenezo zilibe umboni. Banja lingapitirire monga kale. Bambo amve zimenezi kuchokera pakamwa pa adokotala kapena anamwino opaleshoni isadachitike, chifukwa mabanja ambiri amasokonekera pa zinthu zimene sizidafotokozedwe.

Choopsa chachikulu sichimveka kuwawa. Mafupa amayamba kuphwepheka m'kati, makamaka zaka zoyamba, ndipo letrozol ndi anzake amawonjezera vutoli. Mayi amene amasenza ndowa ya malita 20 ndi mitolo ya nkhuni angadzathyoke msana kapena chiuno akadali ndi ana a sukulu. Amene akumwa ma ARV awauze adokotala a khansa, chifukwa tenofovir, amene ali m'piritsi la tsiku ndi tsiku limene ambiri akumwa, nayenso amachepetsako mphamvu ya mafupa. Ma ARV asasiyidwe, koma madokotala awiriwo adziwane. Chimodzimodzi mankhwala a TB: rifampicina amachepetsa mphamvu ya tamoxifeno m'magazi. Ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko imakweranso mwa amayi ochotsedwa timatumba asadafike zaka 45, choncho BP ndi shuga ziziyezedwa ku centro de saúde kawirikawiri.

Zoteteza mafupa zambiri zili pakhomo: kapenta wa ku Cahora Bassa, matemba ndi usipa zodyera pamodzi ndi minga yake, bonongwe, nkhwani, chisoso, phala la mawere, chitowe, malambe, mkaka ngati ulipo. Dzuwa ndi kuyenda alimi sasowa. Fodya, kaya wosuta kaya wa m'mphuno kaya wa pansi pa mlomo, ndi kachasu zimadya mafupa. Adokotala angawonjezere mapiritsi a cálcio ndi vitamini D, ndipo kumene alipo, mankhwala a m'diripi otchedwa ácido zoledrónico, operekedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, amalimbitsa mafupa komanso amachepetsako kufalikira kwa khansa m'mafupamo.

Amene akufunabe mwana

Opaleshoniyi imatseka kubereka mpaka kale. Kale amayi ankauzidwa kuti pathupi pamadzutsa khansa, ndipo ambiri ankavomera kuchotsa poganiza kuti mwana sangathekenso. Kafukufuku wotchedwa POSITIVE, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2023, adatsatira amayi oposa 500 a zaka zosapitirira 42 amene adamwa mankhwala a mahomoni miyezi 18 mpaka 30, n'kuimitsa kwa nthawi yosapitirira zaka ziwiri kuti atenge pakati, abereke, kenako ayambirenso. Pafupifupi atatu mwa anayi adatenga pakati, ndipo patatha zaka zitatu khansa idabwerera mwa 9 pa 100, chimodzimodzi ndi amayi amene sadaimitse. Ambiri mwa iwo anali a khansa yopezeka msanga, ndipo zaka zitatu n'zochepa pa matenda amene amatha kubwerera mochedwa, koma n'zokwanira kuti mayi wofuna mwana asathamangire mpeni.

Kuimitsako kuchitike mogwirizana ndi adokotala. Tamoxifeno amalumalitsa mwana wa m'mimba, ndipo pamafunika miyezi itatu chisiyireni piritsi mayi asadayese kutenga pakati. Pa nthawi yonse yakumwa, njira zololedwa zolerera ndi kondomu ndi lupu ya kopa, imene kuno timati DIU.

Opaleshoniyo, ndi nthawi yake pa kalendala ya munda

Imachitika munthu atagonetsedwa kapena atabayidwa jakisoni wa pamsana, ndipo kawirikawiri sipitirira ola limodzi kapena awiri. Kumene kuli zipangizo za laparoscopia amaboola timabowo ting'onoting'ono pamimba, ndipo munthu amachira m'masabata awiri. Kwina amang'amba m'munsi mwa mchombo, ngati pa sizala, ndipo pamafunika masabata pafupifupi asanu ndi limodzi osagwira khasu, osasinja, osasenza madzi. Popeza timatumbato tilibe matenda, opaleshoniyi si yadzidzidzi. Mayi amakhala akutetezedwa ndi tamoxifeno pamene akudikira. N'zotheka kupempha tsiku la pambuyo pokolola, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pamene misewu yauma, nyengo yazizira, ndalama za mbewu zili m'manja ndipo womudikirira kuchipatala sakusiya munda uli ndi udzu. Funsaninso ngati machubu achotsedwa pamodzi, chifukwa khansa zambiri zotchedwa za timatumba zimayambira kunsonga kwa machubu.

Atabwerera kumudzi, kutentha thupi kosaleka, mafinya kapena kununkha pabala, mimba yotupa ndi kusanza, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, kapena kubanika mwadzidzidzi, zonsezi n'zofunika chipatala tsiku lomwelo. Tamoxifeno amawonjezera ngozi ya magazi kuundana m'mitsempha, ndipo madokotala ena amamuimitsa masiku angapo opaleshoni isadachitike; zimenezo anene ndi iwo. Mayi wopanda timatumba akadzaona magazi kumaliseche, si msambo wabwerera. Apite akamuyeze chiberekero.

Wosaina ndani

Kwathu kuno nkhani yaikulu ya thupi la mayi imadutsa kwa bambo wa pakhomo, kwa atsibweni amene ndi eni mbumba, nthawi zina ndi ankhoswe. N'kwabwino kuti amve ndi kuthandiza, chifukwa ndiwo adzapeze ndalama ya chapa ndi wogwira munda. Koma pepala la consentimento amasaina kapena kudinda chala ndi mayi mwiniwake. Ali ndi ufulu wopempha kuti amufotokozere m'Chichewa, wopita kunyumba kukaganiza, wofunsa dokotala wachiwiri, ndi wokana popanda kulandidwa mankhwala ena. Nthawi zina achibale amakakamiza kuchotsa chifukwa cha mantha, nthawi zina amaletsa chifukwa akufuna ana ena pamudzi. Mbali zonse ziwiri, kutentha thupi usiku ndi ngozi ya khansa adzazisenza ndi iye.

Anthu a kumalire amalandira chithandizo mbali zonse. Njira ya boma ndi kuchoka ku centro de saúde ndi guia de transferência kupita ku Hospital Provincial de Tete, ndipo kuchokera kumeneko ena amatumizidwa ku Beira kapena ku Maputo. Koma kwa munthu wa ku Cassacatiza, chipatala cha St Francis ku Katete chili pafupi kuposa Tete, ndipo alipo amene amafika ku Chipata, ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, kapena ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Vuto limabwera pamene bere lidachotsedwa dziko lina, mapiritsi akutengedwa dziko lina, ndipo dokotala wofunsidwa za timatumba sadaone pepala lililonse. Iye afunika kudziwa zotsatira za RE, kukula kwa chotupa, chiwerengero cha anabere a m'khwapa amene adapezeka ndi khansa, mankhwala a m'diripi amene adaperekedwa ndi tsiku lomaliza, dzina la piritsi limene mukumwa, ndi mwezi umene mudasamba komaliza. Mapepalawa asungidwe m'pulasitiki, ndipo mwana kapena mdzukulu amene ali ndi foni awajambule onse, kutsogolo ndi kumbuyo, musadakwere galimoto.